A Kulanayo ndi Kamtengo ka Mwana Wawo

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndi telala. Amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakona pomwe mphepo imaulutsira tizidutswa ta nsalu mumsewu. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense amangoti a Kulanayo, chifukwa mukawapititsira mwana kuti amusokere yunifolomu, amamuyeza bwinobwino ndi tepi, kenako n'kuwonjezera chikhatho chathunthu mbali zonse. Mukadandaula amangoti, "Akula nayo." Ana a m'dera lathu mumawadziwira patali, kabudula wofika m'akakolo, manja a shati opindapinda.

Amene anaona zakuda kwambiri ndi mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo. Madiresi ake onse ankasesa pansi, ndipo pomwe azidzamukwana amakhala atang'ambika kale.

Mtsikanayo atapeza ntchito kutali anasiya pakhomo kamtengo kake ka junipa, ka masamba ngati a mkungudza, kotalika ngati botolo. Mitengo yotere amaitcha bonsayi, amailera dala mukamphika kuti isakule. Nthawi imeneyo nkhani za ukwati wake zinali zitayambika, ndipo a Kulanayo anali atayamba kale kulota diresi.

"Bambo, inu ayi," anatero mwanayo. "Mudzandisokera tenti."

Alamu anakhumudwa mpaka tiyi anawazizirira m'manja. Mwanayo powamvera chisoni anati, "Chabwino. Kamtengo aka mizu yadzaza mumphika. Kuzizira kukatha mukasamutsire mumphika wokulirapo pang'ono chabe, zala ziwiri m'mbali basi. Ndikadzakapeza kali moyo, diresi mudzasoka ndinu. Kakafa, ndipita kwa telala wa kuseri kwa msika."

Telala wa kuseri kwa msikayo alamu samatchula n'komwe dzina lake. Amati amasoka ngati akuthamangitsidwa ndi galu.

Kuzizira kutatha ndinadutsa pakhondepo, ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Kamtengo kaja kanali pakati pa beseni losambitsiramo ana, lodzaza dothi lakuda la kudzala, lopanda ndi bowo limodzi lomwe.

"Alamu, zala ziwiri zija ndi zimenezi?"

"Mlamu, iwe za muyeso ukudziwapo chiyani? Kakula nalo."

Ankakathirira m'mawa, masana ndi madzulo. Beseni analisokera siketi ya mapilitsi kuti lisachite manyazi pamaso pa makasitomala. Posakhalitsa masamba anayamba kuchita chikasu. Munthu wina aliyense akanachita mantha, koma alamu anakayang'ana, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti, "Ndinadziwa. Kakupanikizika."

Mawa lake achemwali anga anadzuka n'kupeza mgolo wawo wamadzi palibe. Alamu anali ataudula pakati. Anaudzaza dothi, n'kuunyamulira pakhonde paja ndi amuna anayi, mwini sitolo akukalipa kuti makasitomala ake adutsira pati. Kamtengo kanaima pakati pa dothi lonselo ngati udzudzu pabwalo la mpira. Achemwali anga anasiya kuwayankhula, zofunika ankawauza kudzera mwa ine.

Ine zinandikwana pomwe nthambi yoyamba inauma. Kunena zoona ndinawamvera chisoni, chifukwa nsalu ya diresi anali ataigula kale, yoyera mbee, ndipo ndinkawaona akuisisita akaganiza kuti palibe akuwaona. Ndinapita kukakoka mayi wogulitsa maluwa pafupi ndi depoti. Mayiyo anapisa dzanja m'dothi, n'kuzula kamtengoko. Abale, fungo lake! Kasitomala yemwe ankayesa jekete anathawa atavala mkono umodzi wokha.

"Bambo, mwakamiza," anatero mayiyo. "Timizu tochepa chonchi tingamwe madzi a mgolo wonse? Dothi silikuuma, mizu ikuwola. Ndipatseni sizasi."

Sizasi ya a Kulanayo sagwira munthu. Ngakhale achemwali anga sanaigwirepo chikwatiwire. Alamu anaiyang'ana, anayang'ana nsalu yoyera ija, n'kupereka sizasiyo atatembenuzira nkhope kukhoma. Mayiyo anadula mizu yonse yakuda yoterera, n'kusiya yolimba yokha, kachipukutu kosaposa nkhonya ya mwana.

"Tsopano yezani, tikasankhe mphika."

Alamu anatenga tepi, anayeza mwaulemu wake wonse. Kenako ndinangoona chikhatho chija chikubwera chokha, pang'onopang'ono, kudzawonjezera. Ndinachimenya. Inde, ndinamenya dzanja la alamu anga pagulu, ndipo sindinapepese.

Kamphika komwe tinagula kanali ngati mbale yodyera mphaka, kamabowo pansi. Mayiyo anathiramo timiyala ndi mchenga wokhakhala, anamanga kamtengo ndi waya kuti kasagwedezeke, n'kulamula kuti kakhale pamthunzi kaye, ndipo madzi azithira pokhapokha pamwamba pauma. Alamu anausa moyo. "Ndiye kapumira pati?" Koma anamvera. Ankakhala pamakina, chikho chamadzi chili pambali, akudziletsa ngati munthu wosiya fodya.

Mwana atabwera anafikira pakhonde pomwepo, chikwama chili paphewa. Nthambi zambiri zinali zitauma gwaa. Imodzi yokha, yam'munsi, inali ndi timasamba tatsopano tobiriwira. Anakanyamula, anakatembenuza uku ndi uku, ife tonse maso ali pa iye, ngakhale mwini sitolo.

"Kaonda," anatero. "Koma kali moyo. Tengani tepi, bambo."

Anaimirira atatambasula manja. Alamu anayeza mapewa, anayeza chiuno, ine ndili pambali, dzanja langa lili chire kudikira chikhatho chija. Chinabweradi. Chinafika paphewa pa mwanayo, n'kuima pomwepo.

"Nenanitu, bambo," anatero mwanayo akuseka. "Nenani kuti ndikula nayo."

Alamu anayang'ana tepi, anayang'ana mwana wawo, yemwe tsopano anali atawapitirira msinkhu.

"Ayi, mwanawe," anatero chapansipansi. "Wakula kale."

Anapukuta maso ndi kachidutswa ka nsalu ya kasitomala, n'kudula diresi pamuyeso wake weniweni.