Chitenge Pakati pa Chipinda

Chaka chomwe lendi inakwera ku Kanyama, m'nyengo yozizira ya Juni, ndinapeza mnzanga wogulitsa naye tomato atakhala pa matiresi panja, ana ake awiri akunjenjemera. Mwini nyumba anali atawatulutsa n'kukhoma chitseko.

"Ba sisi, tizagona ku msika," anatero, osandiyang'ana.

Ndinangonyamula matiresiwo n'kupita nawo kwathu. Tinamanga chitenge pakati pa chipinda chathu, iwo uko, ine ndi amuna anga kuno. Malasha a pa mbaula tinkagula mosonkherana. Mwana mmodzi akatsokomola, tonse tinkadzuka. Amuna anga anasiya kucheza, ine ndinkangowodzera pa msika. Mphepo itatha mnzangayo sanasamuke, chifukwa ifenso patokha sitikanakwanitsa kulipira lendi ya chipindacho.