Kontena ya Majarini Pansi pa Nkhuku

Kunyumba kwathu ku Area 12, chinthu chikapezeka pamalo osayenera, maso onse amabwera kwa ine. Sindidandaula. Amene anaika buluzi wakufa m'nsapato ya adadi ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene anadumphira ndimaseka ndekha. Koma kontena ya majarini ija sindine ndinaibweretsa. Anaibweretsa ndi asisi anga, mwana wabwino wa pakhomo, amene amaphunzira sayansi ku yunivesite.

Ndinawapezerera masana ena ataweramira m'firiji yaikulu yosungira nyama, akukankhira kontenayo pansi pa nkhuku. Ndinatsokomola. Anadzidzimuka ngati wakuba.

"Muli chiyani m'menemo, asisi?"

"Za kusukulu. Usagwire."

"Ndikaitane amayi adzaone nawo za kusukuluzo?"

Anandikoka khutu kaye, kenako anatsegula. Munali timabotolo tapulasitiki tating'ono ngati chala cha khanda, tolembedwa manambala. M'kalikonse munali timbulu takuda ngati mpunga wopserera. Manyi a mbewa.

Anandifotokozera monong'ona, maso ali kukhomo. Ku labu kwawo amaweta mbewa zoyera za maso ofiira, osati zija amagulitsa pa timitengo m'mbali mwa msewu. Zina mwa izo zili ndi matumbo otupa. Iwo amazipatsa chakudya chosakaniza ndi madeya. M'matumbomo muli mabakiteriya amene amadya madeyawo n'kutulutsa zinthu zina, ndipo asisi ankaganiza kuti zinthuzo ndi zimene zimaziziritsa kutupako. Kuti adziwe, ankayenera kuyeza manyiwo. Tsoka lake firiji ya ku labu inafa, ndipo kwathu kuli jenereta.

"Akangosungunuka awa, ntchito ya temu yonse yapita," anatero. "Komanso amayi akadziwa kuti ali pamodzi ndi ndiwo, ndafa ndine. Wamva?"

Ndinamva. Anabwerera kusukulu.

Ndinapirira ndithu, koma chinsinsi chimandiyabwa ine. Nthawi imeneyo adadi anali atayamba kudandaula m'mimba, ndipo amayi ankayang'ana aliyense cham'mbali. Anti otiphikira, amayi ankawafunsa kawiri kawiri kuti athira chiyani m'ndiwo. Ankolo a m'gadeni anawaletsa kuyandikira zenera la kukhitchini. Ngakhale azakhali anga, amene anabwera kuchokera kumudzi ndi nkhuku ziwiri zamphatso, ankatchulidwa ndi mawu otsika. Nyumba inali itauma kale ngati udzu, ine ndinangobweretsa machesi.

Poweruka kusukulu ndinadzera kumsika ku Tauni. Kwa telala wina ndinapempha kansalu kakuda ndi ulusi wofiira, ndinatolanso kamkanda kamodzi. Ndinakulunga kontena ija bwinobwino, n'kumanga mfundo zambirimbiri. Cholinga changa chinali chaching'ono: anti akapita kukatenga nkhuku akuwe, ine ndiseke, ndimasule, basi.

Anti sanakuwe. Anatuluka mwakachetechete n'kukaitana ankolo. Ankolo anasuzumira m'firijimo, anavula chipewa, anabwerera chambuyo. Kenako anaitana amayi.

Amayi anatulutsa kontenayo ndi mphanda yootchera nyama, anadula ulusi ndi sizasi, n'kutsegula atatembenuza nkhope. Tonse tinasuzumira.

"Ine m'nyumba sindilowa, adona," anayamba ankolo, asanafunsidwe.

"Azakhali aja ankati akufuna aike okha nkhuku zawo m'firiji," anatero anti, akuyang'ana ankolo ngati akuti nanunso musadziyeretse.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Iwe."

"Amayi, ine? Nditole manyi a mbewa limodzilimodzi, ndiwaike m'mabotolo, ndilembe manambala? Ine ndemwe ndimalephera kuyala bedi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ulesi wanga unandipulumutsa.

Anti anati manambalawo ndi anthu a m'nyumba muno, aliyense kabotolo kake, ndipo ka adadi ndi kamene kayamba kugwira ntchito. Amayi anaimbira amayi anzawo a mapemphero kuti abwere msanga. Ankolo anauzidwa kuti asonkhe moto kuseri kwa nyumba. Kontena inaikidwa pakhonde, padzuwa, n'kuvundikiridwa ndi beseni.

Apa ndiye ndinakumbukira mawu a asisi aja. Dzuwa la Okutobala lija silichedwa. Ndinaimbira asisi, foni inali yozimitsa. Kunena zoona kunalibe phindu. Amayi akanatayabe manyiwo, nkhuku zonse pamodzi, kenako n'kutembenukira kwa asisi, kenako kwa ine.

Ndinathamangira kuchipinda kwa asisi. M'dirowa munali timabotolo tina topanda kanthu ndi cholembera chawo chakuda. Ndinalowa m'galaja, kuseri kwa matumba a chimanga kumene makoswe amachitira misonkhano yawo, ndinagwada n'kumasankha timbulu tating'onoting'ono, n'kumaponya m'timabotolo topanda kanthu tija. Ndinatenga fulasiki ya tiyi ya adadi n'kudzazamo ayisi. Onse anali pabalaza akukangana za azakhali. Ndinakwawira pakhonde, ndinatukula beseni, ndinakhuthula timabotolo tenitenito pasimenti, n'kuyamba kukopera manambala pa tanga tija. Kukopera zolemba za anthu ndimatha, aphunzitsi anga angachitire umboni.

Ndili mkati, geti inalira. Amayi a mapemphero afika. Pansi panali milu iwiri, ndipo beseni linagubuduka n'kugunda yonse. Ndinatola mofulumira, tozizira m'fulasiki, tofunda m'kontena. Tina tinali pakatikati.

Anaotcha madzulo omwewo. Amayi aja anaimba, anadzudzula, anapondaponda pansi. Pulasitiki inanunkha mpaka agalu a aneba anayamba kuuwa. Mmodzi anati wamva chinthucho chikulira m'motomo. Ine ndinaimba mokweza kuposa onse, fulasiki ili phee m'firiji pansi penipeni, nditaikutira m'pepala la nandolo. Adadi anachira patapita masiku, ndipo azakhali sanaitanidwenso Khirisimasi imeneyo.

Asisi atabwera, ndinatenga fulasiki ija, ndinawakokera kugalaja n'kuwauza zonse. Ndinkayembekezera zikomo. Anatsegula fulasiki, anatulutsa kabotolo kamodzi, anakayang'anira kudzuwa.

"Awa ndi anga?"

"Ndi anu."

"Ukudziwa bwanji?"

"Anali ozizira."

"Onse?"

Ndinayang'ana matumba a chimanga. Anatenga kena, anayang'anitsitsa nambala, anatembenuza, anayang'ananso. Sankatha kusiyanitsa dzanja lawo ndi langa. Kunena zoona, mumtima ndinanyada.

"Ulusi wofiirawo unaumangiranji poyamba?"

"Asisi, tiyeni tikambe za amene wapulumutsa kafukufuku wanu."

Ananyamula fulasiki yonse n'kumapita osatsanzika. Adadi anaifunafuna mlungu wonse, anti n'kumayang'ana ankolo.

Patadutsa milungu ingapo anandiimbira. Anati timabotolo tambiri tatuluka monga ankayembekezera: mbewa zodya madeya zinali ndi zinthu zija zambiri, ndipo matumbo ake sanatupe kwambiri. Koma kamodzi kanatuluka mosiyana ndi tonse, kodzaza zinthuzo kuposa mbewa iliyonse imene anayezapo. Aphunzitsi awo anasangalala kwambiri, ankafuna kuti mbewa imeneyo aifufuze mwapadera.

"Ndiye ndikufunse komaliza," anatero asisi. "Kameneka n'kanga kapena n'kako? Lumbira."

Ndinaganiza za beseni lija likugubuduka. Kunama ndimatha, koma apa sindinkadziwa kuti bodza ndi liti.

"Sindingalumbire."

Kenako anati akawauza aphunzitsiwo kuti kabotoloko kanaipitsidwa, ndipo akachotsa pa kafukufuku. Mwina anataya chinthu chachikulu kwambiri chimene akanatulukira. Mwina anataya manyi a khoswe wa m'galaja. Palibe amene adzadziwe.

"Koma asisi," ndinatero, "ngati ndi khoswe wathu, ndiye kuti ali ndi matumbo abwino kuposa mbewa zanu zonse za ku yunivesite. Ndikugwirireni?"

Anadula foni.