Nsawa za achimwene

Ntchito yanga pa fakitale ya chiponde ku Katete inali yoika madontho. Nsawa zikabwera, ndinkatapa kachitini kamodzi, n'kuwerenga zowola ndi zachuku, kenako n'kuika dontho pa tchati chimene chinali pakhoma. Tchaticho chinali ndi mzere wakuda pakati ndi wofiira pamwamba. Akapitawo ankati dontho likamasewera pansi pa wofiirawo tisavutike, nsawa ndi mmene zilili. Koma likadumpha, ndiye kuti kwinakwake kwachitika kanthu, tikafufuze.

Achimwene anga a ku Vubwi ankagulitsa nsawa zawo zonse kwa ife, ndipo ndine ndinawapezera msikawo. Banja lawo lonse linkadalira pamenepo.

Chaka china nsawa zawo zitafika, dontho linadumpha. Ndinatapanso kachitini kena, mwina dzanja langa lagwera poipa. Ayi ndithu, chimodzimodzi. Atabweretsa nsawa ulendo wachiwiri, linadumphanso.

Loweruka ndinakwera basi kupita ku Vubwi. Ndinapeza alamu anga ndi ana atazungulira mulu wa nsawa, chidebe cha madzi chili pambali, achimwene ali chapafupi. Ankawaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke poswa. Zoswazo ankazithira m'thumba zikadali zonyowa.

"Achimwene, madziwa ndi amene akubweretsa chuku," ndinatero.

"Iwe, amayi ankaswa chonchi usanabadwe. Unafa?"

"Sindinafe, koma pepala la madontho la kuntchito likuona."

"Pepala lili ndi maso? Wolembapo si iwe? Tsitsa kadonthoko pang'ono, nkhani ithe."

Kunena zoona ndinapsa mtima. Chiponde chimenecho amadya ndi ana a anthu, anganso omwe! Ndinawapempha kuti angoyanika masiku angapo asanathire m'matumba. Anaseka, amvekere tauni yandiwononga.

Ulendo wachitatu dontho linakwera kuposa kale. Ndinaliika pamalo pake. Akapitawo anayang'ana tchati, nayang'ana ine. Matumba aja anabwezedwa pa lole yomwe inawabweretsa.

Tinakumana pa maliro a azakhali mwezi wotsatira. Achimwene anandipatsa moni wa mlendo, wa "muli bwanji amayi". Alamu anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti tsopano akuswa zouma, zala zonse zatupa. Anandionetsa manja awo. Kenako anafunsa ngati fakitale ingawalandirenso.

Koma malo awo anali atapatsidwa kale mlimi wina wa ku Sinda.