Bonongwe wa kuseri kwa nyumba ku Kanyama

Tsiku limene ndinkakwera basi yobwera ku Lusaka, azakhali anga anandikokera pambali n'kundiuza kuti m'tauni munthu sadya cha mnzake, ndipo woyandikana naye akayamba kukusekerera, uyambe kuwerenga nkhuku zako. Nkhuku ndinalibe, koma mawuwo ndinawasunga bwino kuposa mmene ndasungira mano angawa.

Tinafikira ku Kanyama, m'zipinda ziwiri za lendi. Amuna anga ankagwira ntchito pafakitale ina, mpaka zinafika zaka zija zimene makampani ankatsekedwa imodziimodzi, mtengo wa unga ukukwera sabata ndi sabata. Anawachotsa ntchito, anadwala, tinawaika. Mwana wanga wamkazi anapeza ntchito ya m'nyumba kumayadi, komwe ankagonera konko, n'kundisiyira mdzukulu wanga, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, kogweluka mano akutsogolo.

Masiku amenewo ndiwo inali nkhondo. Nyama tinkangoimvera fungo kwa ena. Repu wa pamsika sindinkagula, chifukwa ndinamva kuti olima ake amathirira ndi madzi ochokera kuzimbudzi za m'tauni. Ena ankadya, ine ndinkangowayang'ana n'kumawamvera chisoni.

Kanyama ndi miyala yokhayokha, ukatema ndi khasu limalira. Koma kuseri kwa nyumba yathu kunali kamalo ka dothi lakuda, lofewa, lolowa pang'ono pakati ngati mbale. Bonongwe anamerapo yekha, wofika m'chiuno, masamba ake ngati zikhatho. Kwathu dothi lotero timalidziwa, ndi pamene panali khola la ng'ombe. Sindinadzifunse kuti ndani anawetapo ng'ombe pakati pa komboni. Ndinangoyamika Mulungu kuti anthu a m'tauni sadziwa kuwerenga nthaka, ayenda pachakudya zaka zonsezi osachiona.

Ndinadzalapo chibwabwa, therere ndi tomato wamng'onomng'ono uja, n'kutchinga ndi masaka akale ndi minga. Madzi a pampopi anali ndi mzere wautali, ndipo kusiya chigubu pamzere kumafuna munthu womukhulupirira. Choncho ndinachita monga timachitira kudambo m'chilimwe: ndinakumba pakati pa miyala iwiri, pafupi ndi kadimba kanga. Ndisanafike n'komwe m'chiuno, madzi anatuluka, oyera mbee. Ndinavundikirapo chilata, n'kutsamiritsa mwala.

Pakhomo loyandikana nafe pankakhala amake mapasa, mayi wobadwira m'tauni momwemo, wogulitsa zitumbuwa, woseka kwambiri ndiponso wopemphera mokweza. Tsiku lina anaima pampanda wanga wa masaka.

"Ambuya, nifuna tikambeko pali iyi bondwe yanu."

Nkhani zoyamba choncho ndimazidziwa, zimathera pakambale kotambasulidwa. Ndinawayankha kuti pano palibe bondwe, pali bonongwe, ndipo ali ndi mwini wake. Anabweranso ataona chitsime changa, dzanja lili pakamwa. Ndinati nsanje yawapweteka, n'kuwatsekera chitseko asanamalize moni. Atatumiza zitumbuwa ziwiri zoti mwana adye, ndinaponyera galu wa eni nyumba, n'kumuyang'anira masiku awiri. Galuyo sanafe, anangoyamba kunditsatira.

Mdzukulu wanga ndinamuletsa kusewera pamakomo a anthu. Ankasewera m'kadimba, kuthyola tomato n'kumadya wosaphika, ludzu likamugwira n'kutunga pachitsime chathu. Mtima wanga unali m'malo, chifukwa chilichonse cholowa m'kamwa mwake chinali chathuchathu.

Kenaka mvula inakhazikika. Ku Kanyama madzi salowa pansi, amangoyendayenda m'komboni kuchezera makomo onse, anthu n'kumadumpha pamiyala. Mmawa wina mwana anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Ndinamuwiritsira masamba a gwafa, mankhwalawo atatentha kwambiri ndinawapozetsa ndi madzi a pachitsime chomwecho. Pofika masana maso anali atalowa, khungu ukalitsina silinkabwerera. Ine ndinatuluka kukazungulira nyumba m'matope, kufunafuna pamene munthu wakwirirapo chinthu.

Amake mapasa anandiona ndikufukula pansi pa zenera, anamvanso mwana akubuula. Analowa m'nyumba mwanga popanda odi, munthu woyamba kulowamo chichitikireni maliro. Anabereka mwana ndi chitenje chawo n'kuyamba kuwoloka madzi ofika m'maondo, kulunjika kukiliniki. Ine ndinali m'mbuyo, maso pamanja awo, kuti ndione ngati amudyetsa kanthu panjira.

Anesi anamuika dripu, n'kundifunsa madzi amene timamwa. Ndinayankha mosabisa kunyada kwanga, kuti mwanayu sadya za anthu, samwa za anthu, ndiwo ndi zolima ndekha, madzi ndi a pachitsime changa. Amake mapasa anali atakhala pabenchi, akufinya chitenje chawo.

"Ba nesi, paja pamene balima panali chimbuzi cha nyumba zinayi. Chinazula, bene nyumba banafokera chabe. Chitsime chili pafupi monga apa na apo. Nenze kufuna kubauza, banivalila chitseko."

Ndiye kuti khola la ng'ombe lija linali chimbudzi chodzaza chimene anangochikwirira. Anesi anandiyang'ana n'kupitiriza kulemba. Bola akanandikalipira, ndikanapeza poyankhira.

Mwana anagona kumeneko masiku anayi. Tsiku lachitatu anapempha phala, lachinayi anapempha chitumbuwa, amake mapasa ali pomwepo. Ndinayang'ana kukhoma, anamupatsa. Mwana wanga, amake a mtsikanayo, atabwera kuchokera kumayadi sananditukwane, anangogula makala owiritsira madzi n'kukawasiya kwa amake mapasa, osati kwa ine.

Chitsime ndinachikwirira ndekha ndi miyala. Bonongwe ndinamuzula yense, koma mvula iliyonse ankabwerera, wonenepa kuposa kale. Pofuna kuthokoza, ndinatenga chikwatu cha mfutso wa chitambe chimene abale ananditumizira kuchokera kwathu, ndiwo zouma zokulungidwa bwino m'masamba, n'kupita nacho khomo linalo. Amake mapasa anachitembenuzatembenuza, n'kundifunsa akuseka ngati ndikudziwa chimene chinali pansi pa munda umene zinalimidwa. Ndinawauza kuti ngati sakuchifuna andibwezere. Sanabweze. Madzulo ndinaima pampanda kununkhiza, ndione ngati aphikadi kapena ataya. Anaphika, anathiranso nsinjiro.

Mdzukulu uja tsopano ali pabanja ku Kabanana. Amawiritsa ngakhale madzi otsukira mbale, ndipo nkhani ya khola la ng'ombe la agogo ake amaisimba kwa apongozi ake anthu n'kumagwa ndi phwete. Amake mapasa anasamukira ku Chaisa kwa ana awo. Amene analowa m'nyumba mwawo ndi achinyamata, amandipatsa moni kawiri patsiku, ndipo sindinadziwebe chimene akufuna.

Miyendo yayamba kutupa, ndipo pakomboni pano sipanatsalenso munthu wopanda ulemu woti angalowe m'nyumba mwanga popanda odi. Ndiye inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa ku Kanyama, makamaka nthawi ya mvula, mudzapatukireko kudzaona ngati ndadzuka. Nyumba yake ndi ya mpanda wa masaka. Chakudya musabweretse, sindidzadya. Ndidzayamba ndakusuzumirani pazenera, mwinanso ndidzakuuzani kuti kulibe anthu. Musachoke, gogodaninso.