Makiyi a Che Majidi

Che Majidi analibe ofesi, analibe ngakhale tebulo. Ntchito yawo inali m'miyendo. Ukatsika basi ku Wenela ndi mphasa yako pamutu, osadziwa kolowera, anthu ankangokuuza kuti pita ku Mbayani ukafunse Che Majidi a nyumba. Iwo ankadziwa chipinda chilichonse chopanda munthu kuyambira ku Chemusa mpaka ku Chilomoni, ankadziwa landilodi waukali, denga lodontha ndi chimbudzi chodzaza. Masiku ano anthu otere timawatchula maejenti, ndipo ena mwa iwo, tisanamizane, ndi akathyali. Che Majidi sanaikepo munthu m'nyumba imene iwo eni sakanagonamo.

Kwawo kunali ku Chiradzulu. Anabwera m'tauni kudzaphunzira utelala kwa amalume awo, koma kukhala pa makina tsiku lonse kunawakanika. Akazi awo atamwalira sanakwatirenso. Ankachita lendi kachipinda ka kumapeto kwa mdadada, nyumba zazitali zija za zipinda zondondozana, chitseko chilichonse banja lakelake.

M'chaka cha 1977 kunamveka kuti mbali ya kumunsi ya Mbayani, kumene iwo ankakhala, igwetsedwa chifukwa padutsa msewu. Eni nyumba adzapatsidwa maploti ku Machinjiri. Anthu a ku ofesi yoona za malo anabwera, n'kuwerenga madenga, n'kupeza khumi ndi anayi. Koma pansi pa madenga amenewo panali zitseko 58, ndipo ochita lendi sanatchulidwe n'komwe. Ambiri mwa iwo anawalowetsamo ndi Che Majidi, ndipo nkhaniyi inawakhala pamtima ngati mwala.

Anavala jekete ndi kofia yawo yoyera, khadi la chipani m'thumba, n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni. Ku ofesiko anakumana ndi kalaliki wina, a Maxon, munthu wofatsa, amene anawauza kuti nkhani ya pakamwa siilowa mu faelo. Abweretse kalata yokhala ndi mayina a onse odandaula, aliyense adinde chala.

Kudinda chala! Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamvetse. Kalata ya mayina ambiri inkanunkha, ndipo munthu sunkadziwa kuti ikathera m'manja mwa yani. Che Majidi anayenda chitseko ndi chitseko kwa sabata yathunthu. Anthu ankawalandira bwino, kuwapatsa mpando, koma pepala likatuluka aliyense ankakumbukira kuti wasiya madzi pamoto. Sanawakwiyire, pakuti nawonso mantha anali nawo.

Nzeru inawabwerera Lachisanu lina akuchokera ku mzikiti, ataima pakhomo pawo kufufuza kiyi m'thumba. Loko aliyense amabwera ndi makiyi awiri, ndipo kiyi alibe dzina. Anazunguliranso mdadada uliwonse, ulendo uno osapempha chala koma kiyi wapadera uja amasungidwa pansi pa mphasa. Apa anthu anapereka mosanyinyirika. Womaliza anali Mwanamisi, mayi wamasiye wa ana anayi wogulitsa zitumbuwa, amene chitseko chake chinali chogundizana ndi cha Che Majidi. Anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje, n'kupereka akuyang'ana pansi.

Che Majidi anadikira pabenchi ku ofesi kuja masiku atatu asanaloledwe kuonana ndi bwana wamkulu. Atalowa anayamba ndi kuthokoza, monga zinkayenera, kenaka anakhuthula kathumba ka nsalu patebulo. Makiyi anamwazika mpaka ena kugwera pansi.

“Bwana, sindinabwere kudzakana msewu,” anatero Che Majidi. “Koma anyamata anu anawerenga madenga. Denga silidwala, denga silibereka. Kiyi aliyense apa ndi banja, ndipo likagwa khoma alibe kopita.”

Bwanayo anayang'ana makiyi aja, n'kufunsa amene wawatuma. Anayankha kuti palibe, ndipo ngati pali mlandu ulembedwe pa dzina lawo lokha. Atatuluka anakhala kaye pansi pa mtengo. Kwa masabata atatu, galimoto iliyonse yoima pafupi inkawadula mtima.

Yankho litabwera linali loposa chimene ankayembekeza. A Maxon adzabwera ndi makiyi aja, ndipo aliyense amene kiyi wake atsegule loko pamaso pawo adzalembedwa ploti. Koma bwana anaikapo chinthu chimodzi, poopa kuti anthu angatolere makiyi a kudzala: chitseko chopanda loko sichiwerengedwa, kiyi wosatsegula kanthu atayidwe.

Tsikulo palibe anapita ku ntchito. Makiyi anaikidwa m'lichero, aliyense n'kusankha wake. A Maxon ankayenda ndi buku, pambuyo pawo mkulu wina wa ku ofesi wosaseka, manja kumbuyo. Loko akatseguka, amayi ankafuna kululutira koma ankadzigwira. Anthu omwe aja anakana kudinda chala tsopano ankatchula mayina awo mokweza, mpaka ndi a agogo awo omwe.

Dzuwa litapendeka anafika pa mdadada womaliza. Che Majidi anali patsogolo, ndipo atangokhota pa ngodya anaona chimene anayenera kuchiona kalekale. Chitseko cha Mwanamisi chinali chomanga ndi waya. Munthu wodziwa maloko a Mbayani yense sanayang'anepo chitseko cha pafupi ndi chake! Loko wa mayiyu anathyoledwa ndi akuba miyezi yapitayo, ndipo kiyi uja anachita kutola kumsika, kuti naye asatsale. Masabata onsewa manyazi anam'tseka pakamwa. Anaima pamenepo, kiyi wopanda ntchito m'manja, ana anayi atam'gwira chitenje.

Che Majidi anamva chisoni, komanso anadzikwiyira. Ploti ankaifuna, tisawanamizire ungelo. Zaka makumi awiri akupezera anzawo pogona, ankalakalaka khonde lawolawo poti adzakalambirepo. Kiyi wawo anali kale m'dzanja, atatentha ndi thukuta.

“Mayi, mwasokoneza makiyi m'lichero muja,” anatero. “Wanu ndi uyu. Tsegulani kwanu, anthu atopa.” Analoza chitseko chawo chomwe.

Mwanamisi anafuna kuyankhula, koma iwo anam'yang'ana ndi diso loti khalani chete. Loko anatseguka. M'katimo munkaoneka jekete yachimuna pa msomali, ndipo a Maxon anaiona ndithu. Anafunsa motsitsa mawu kuti nanga Che Majidi amakhala pati. Iwo anayankha kuti amagona kwa abale ku Chemusa, kunoko amangoyendako pa ntchito. Aneba onse anamva bodzalo ndipo palibe anatsokomola. A Maxon analemba dzina la Mwanamisi, n'kutseka buku.

Mabanja 57 anapita ku Machinjiri pa malole. Eni midadada sanakondwe nazo. Iwo ankawerengera kuti ochita lendi awo awatsatira kumalo atsopano, ndiye taonani munthu mmodzi wawasandutsa onse eni maploti. Mbiri inayenda pakati pa malandilodi kuti Che Majidi ndi wosokoneza, wopita ku maofesi, woyenera kumutalikira. Mwanamisi anawachonderera kuti adzamange kachisakasa kuseri kwa ploti ija, koma anakana. Mwamuna wachilendo pakhomo pa mayi wamasiye, anthu akanati chiyani? Ndiponso ofesi ikanatulukira bodza lija, ploti ikanalandidwa.

Tsiku logwetsa nyumba Che Majidi anaika mphasa, ketulo ndi sutikesi pa wilibala yobwereka, n'kukankha kukwera ku Chemusa. Anayambira kwa landilodi wina, Mai Constance, amene anawapezera ochita lendi kwa zaka khumi, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti chipinda chachitatu chili chopanda munthu. Anavula nsapato pakhonde, n'kuodira.

Mayiwo anatuluka, n'kufunsa kuti abweretsa yani lero.

“Ndabwera ndekha, mayi.”

Mai Constance anayang'ana wilibala ija, kenaka anayang'ana kumsewu ngati pali amene akuona. Anati pepani, zipinda zonse n'zodzaza.

Che Majidi anathokoza, anavala nsapato zawo, n'kugwiranso wilibala. Nyumba yotsatira inali kumtunda, ndipo nayonso ankaidziwa.