Kalata ya amayi yopita kwa dokotala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinanyoza amayi anga pamaso pa anzawo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira.

Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Bentley mumzinda wa Perth, m'nyumba ya lendi yoyandikana ndi ya ophunzira a payunivesite. Abambo ankagwira ntchito yamagetsi kumigodi. Ankakwera ndege n'kukakhalako masabata awiri, pobwera n'kumangogona. Amayi anali namwino. Kunena zoona, anali namwino ku Malawi, kumene anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi. Kuno ku Perth mapepala awo analibe mphamvu. Ankasambitsa ndi kudyetsa anthu kunyumba yosungirako okalamba, ndipo jakisoni sankaloledwa n'kumugwira komwe.

Kuti alowe m'kaundula wa anamwino a kuno, chilichonse chinkafuna ndalama. Kuitanitsa makalata kusukulu yawo yakale, ndalama. Kudinditsa mapepala, ndalama. Ngakhale kuti apolisi atsimikize zoti amayi si chigawenga, ndalamanso. Koma chipata choyamba chinali mayeso a Chingerezi a anthu azachipatala, a madola pafupifupi 600 ulendo umodzi. Amayi anali atalemba katatu. Kumva, kuwerenga ndi kulankhula ankakhoza bwinobwino. Ankagwa pa gawo lolemba kalata.

Iwo ndi amayi ena asanu ndi awiri akutchalitchi ankachita chipereganyu: mwezi uliwonse onse ankasonkha, mmodzi n'kutenga zonse. Mwezi wa amayi anga unali Juni, ndipo anali atandilonjeza kuti ndalamazo zindilipirira ulendo wa kalasi yathu wopita ku Canberra. Ndinali nditasankha kale mnzanga wokhala naye mundege.

Loweruka lina la mwezi umenewo amayi aja anasonkhana kwathu masana, m'nyumba monse mukununkhira mandasi. Ndinalowa ndi thireyi ya tiyi nthawi yomwe Anabanda, amene ankasunga thumba la gululo, ankapatsira amayi envulopu.

"Izi ndikalembera mayeso kachinayi," amayi anatero. "Ndagwirizana ndi bambo a Tadala kuti aka n'komaliza. Ndikalephera, basi, ndizingosambitsa agogo anga aja mpaka ndidzafanane nawo."

Anzawo anaseka. Ine mtima unandiwira. Ndili chiimire, osagwada n'komwe, ndinawauza m'Chingerezi changa cha kuno, chodutsira m'mphuno chija, kuti akungotaya ndalama zanga chifukwa akalepheranso.

Anabanda anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Amake Tadala, mwanayu ndi wanu kapena mwabwereka?"

"Pepani amayi," anatero amayi anga. "Tadala, ika tiyiyo, akuzizira."

Alendo atapita ndinadikira mkuntho, koma sunabwere. Amayi anatsuka makapu, n'kupukuta m'manja, n'kundiyang'ana.

"Popeza Chingerezi umachidziwa kuposa ine, ukhala mphunzitsi wanga. Loweruka lililonse mpaka tsiku la mayeso. Za netibolo iwala."

Loweruka lotsatira ndinakhala nawo patebulo la m'khitchini nditatupa ngati chule. Ntchito yanga inali kutchera wotchi ya pauvuni kuti ilire pakatha mphindi makumi anayi ndi zisanu, kenako kuwerenga zomwe alemba. Funso linali lakuti alembere dokotala kalata yomutumizira bambo wina amene ankamva kupweteka pachifuwa. Wotchi inalira asanamalize.

Zilembo zawo zinali zokongola, zopendekera mbali imodzi. Anayamba ndi kupereka moni kwa dokotalayo, n'kuyembekeza kuti iye ndi banja lake ali bwino. Anapepesa pomusokoneza pa ntchito zake zambiri. Anamuthokoza chifukwa chothandiza odwala. Wodwalayo anatulukira chapakati pa tsamba, ndipo zoti akufunika kuonedwa tsiku lomwelo zinali kumapeto, ndi mawu akuti ngati adokotala angapeze mpata.

Ndinalephera kudzigwira. "Amayi, munthuyu afa dokotala akuwerengabe moni."

"Ndiye ukufuna ndimulamule dokotala ngati mwana wanga? Munthu sumangomufikira ndi vuto lako usanamufunse mmene wadzukira."

Ndinawafotokozera zimene aphunzitsi athu ankatiuza, kuti mzere woyamba uzinena chimene ukufuna. Anatenga pepala lina n'kulemba kuti dokotala aone wodwalayu lero. Cholembera chinaima.

"Ndikumva ngati ndikumutukwana," anatero. Tonse tinaphulika kuseka, koyamba chichitikireni za tiyi zija.

Zaka zonsezo ndi ndalama zonsezo, palibe anawauzapo kuti chikuwagwetsa ndi ulemu. Sabata ndi sabata ndinkafufuta moni ndi cholembera chofiira, iwo n'kumadandaula kuti ndikuwasandutsa munthu wopanda mwambo. Koma nanenso ndinayamba kuona zina. Ankangoyang'ana zolemba za wodwala n'kunena kuti, "Uyu akugwaigwa chifukwa shuga watsika," funso lisanafike n'komwe pamenepo. Ndinaona manja awo, osweka ndi sopo wakuntchito. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake sanapite kumudzi pamene abale ankamanga chiliza cha agogo, amayi awo owabereka.

"Ndalama ya tikiti ndi imene ndinalembera mayeso achiwiri," anatero, maso ali papepala. "Tchera wotchiyo."

Sindinatchere. Ndinatsika pampando n'kugwada pamatailosi ozizira aja, n'kunena m'Chichewa changa chopunduka kuti, "Amayi, ndinalakwa, pepani."

"Ine ndamva. Koma sunanyoze ine ndekha."

Lamulungu pambuyo pa mapemphero ndinayenda kwa amayi asanu ndi awiri aja mmodzimmodzi. Anabanda anandibwerezetsa katatu, akuti sakumva ngati ndikupepesa kapena ndikuitanitsa chakudya.

Anzanga anapita ku Canberra. Ine sabata yonseyo ndinakhala m'kalasi ya ana aang'ono, ndipo sindinama, zinandipweteka kwambiri. Zotsatira za mayeso a amayi zinatuluka patangopita masabata angapo. Ndinali kuchipinda pamene ndinamva nthungululu kukhitchini, yamphamvu moti ophunzira oyandikana nafe aja anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa ngozi. Amayi anali atakhoza.

Ndinkaganiza kuti kulipira kwathera pomwepo. Ayi ndithu. Panabwera maphunziro a miyezi ingapo, olipira okha, kuntchito atapumako. Panabwera ndalama ya kaundula, ya chaka ndi chaka. Atagwira ntchito zaka zingapo pachipatala ku Nedlands, anabwereranso kuyunivesite kukachita digiri yachiwiri, abambo n'kumawonjezera masiku kumigodi, chipereganyu n'kumazungulira. Galimoto yathu inakalamba tili nayo. Lero amayi ndi namwino wa udindo wapamwamba, wololedwa kuona odwala payekha ndi kuwalembera mankhwala.

Chaka chatha ndinapita kukawatenga kukiliniki kumene amagwira ntchito. Pabenchi panali mzungu wina wokalamba amene anakana kuonedwa ndi wina aliyense, akuti adikira amayi. Amayi atatuluka anamugwira dzanja ndi manja awiri, n'kumufunsa mmene wadzukira, mmene alili mkazi wake, ngakhale za galu wake yemwe. Mkuluyo nkhope inawala asanalowe n'komwe m'chipinda. M'galimoto ndinawaseka kuti kodi cholembera chofiira chija chinapita pachabe.

"Makalata anga ukawaone, ndi mizere isanu basi," anatero. "Moni uja sindinamutaye. Ndinangomuchotsa papepala."

Kwa zaka zambiri ndinkadzitama kuti chiphaso cha amayi ndinalipirako ndi ulendo wanga wa ku Canberra. Tsopano ndikudziwa kuti mbali yanga inali yaing'ono. Iwo analipira ndi chiliza cha mayi awo, ndi manja awo, ndi kukhala pansi kuti kamwana kamwano kawaphunzitse kulankhula mosapsatira. Ndipo patebulo lomwe lija, ine ndikuganiza kuti ndikuphunzitsa, iwo ankandibwezera zimene ndinali nditatsala pang'ono kutaya.

Mpaka pano ndikawaimbira foni mothamanga n'kuyamba ndi "Amayi, ndikufuna," amandidula.

"Ine si dokotala wako. Yamba bwino."

Ndiye ndimapuma kaye, n'kuyambiranso. "Mwadzuka bwanji, amayi?"