Dzina Langa pa Kapepala ka Akufa

Ndinaganiza zochoka kwathu m'chaka cha 1996, nditangomaliza kuzula ziputu za fodya. Palibe anandithamangitsa. Matipate anali atangolowa kumene, aliyense ankayenda ndi mawu akuti ufulu m'kamwa, ndipo ine ufulu wanga ndinautanthauzira ndekha: kusiya khasu. Bambo anali atamwalira chaka chapitacho. Munda wathu wa kufupi ndi Guilleme ndinawasiyira amayi ndi mlongo wanga Agnesi, n'kuwauza kuti ndikupita ku Lusaka, ndikabwera mvula ikamayamba. Sindinatchule kuti mvula ya chaka chiti.

Amayi sanalire. Anandikazingira mtedza wodya m'njira, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. "Ukakapeza tchalitchi uzikalowa," anatero. "Mulungu wa ku Zambia ndi yemweyu."

Ku Lusaka ndinalembedwa ntchito yotsitsa matumba pa depoti ina: simenti, fetereza, ufa, chilichonse chobwera pa matayala. Malole sadziwa Lamulungu. Ikangolowa lole pageti, kapitawo ankakuwa kuti, "Ba Malawi, manjemanje!" kutanthauza kuti pompano, ndipo mbale tinkaisiya pomwepo. Kwathu chaka chili ndi mfundo ngati nzimbe. Pali kusosa, kubzala, kupalira, kukolola, kenaka miyezi ija ya maukwati pamene munthu amakhala pansi osapepesa aliyense. Ku Lusaka kuja ndinkadziwira dzinja pa kuchuluka kwa matumba a fetereza basi. Tchalitchi ndinachipeza ndithu, ndinkachiona ndili pamwamba pa lole.

Zaka ziwiri zoyambirira ndinkalemba makalata n'kupatsira madalaivala odutsa pa malire a Mwami, m'kati nditapisamo kangachepe. Agnesi ndiye ankawawerengera amayi. Kenaka kangachepeko kanayamba kuthera pa lendi ndi pamimba. Kalata yopanda kanthu ndinkachita nayo manyazi, choncho ndinkati ndilemba mwezi wamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa ndili duu, ndipo ndinasanduka mtchona, munthu amene kwawo analeka kumuyembekezera. Ndinali wosungulumwa, ndinene poyera. Tinkagona anthu anayi m'kachipinda kamodzi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mfunda wanga. Ankangonditcha dzina la dziko.

Tsiku lina mu Okutobala wa 2004 ndikutsitsa simenti, dalaivala wa loleyo anandiyang'anitsitsa. Anali a Jere a ku Mlonyeni, amene anakwatira m'mudzi mwathu.

"Kodi si Fidelisi uyu?"

"Ndine ndemwe, achimwene."

"Aaa, ndiye mizimu ikunyamula simenti masiku ano? Iwetu unafa, mphwanga. Akatekisiti akamawerenga maina a akufa, lako limabwera pambuyo pa la bambo ako. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Analembetsa ndani?"

"Mayi ako. Chonsecho ine ndinawauza kale kuti anzanga amakuona kuno."

Anaseka, koma ine thumba linandilemera kawiri. Kwathu Novembala akayandikira banja lililonse limapereka kwa akatekisiti kapepala ka maina a abale omwalira, kuti mpingo uwapempherere mwezi wonsewo. Amayi akanandilemba poganiza kuti ndinafa, ndikanangoti alakwitsa. Koma ankadziwa kuti ndili moyo. Ndinaona kuti andikana, andiika m'manda ndi manja awo, ndipo kunena zoona ndinalibe choti ndingawatsutse nacho. Lole ya a Jere itatembenuka ndinali m'menemo, ndi kachikwama kamodzi ndi nsalu ya amayi imene sindinkadziwa ngati akailandira.

Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza wambewu. Anali atachepa thupi, tsitsi lonse litayera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wabwera? Khala pansi."

Agnesi anandipatsa madzi akulira, tinalonjerana monga mwa mwambo, za ulendo, za matenda, za amene anatisiya. Zonsezo zitatha ndinafunsa chimene ndinabwerera.

"Amayi, kodi munandikana?"

"Wakuuza ndani?"

"Munandilembetsa pa akufa, mukudziwa kuti ndili moyo."

"Eya, ndimadziwa. Ukanafa ndikanamva m'thupi mwangamu." Manja awo sanaleke kuswa mtedza. "Makalata ako aja ankangonena za malole. Atasiya kubwera ndinati basi, malole amudya mwana wanga, alibe ndi mpata wogwira pensulo womwe. Ndiye ndinatchera khutu mapemphero onse a m'tchalitchimo. Amoyo amawapemphera mvula, thanzi, ntchito. Ntchito unali nayo kale, yochita kusefukira. Mpumulo amangopemphera akufa okha. Nanga ndikanakulemba pati?"

"Akatekisiti analola zimenezo?"

"Anadandaula. Ndinawauza kuti iwo azingowerenga, Mulungu amadziwa kusiyanitsa."

Ndinafuna kuseka, koma sindinathe. Ndinachita manyazi aakulu. Ulendo wonse kuchokera ku Lusaka ndinkakonza mawu odzitetezera pa mlandu, ndipo mlanduwo kunalibe.

Kapepala ka chaka chimenecho anali atapereka kale, ndipo amayi anakana kukatenganso. Lamulungu loyamba la Novembala ndinakhala pabenchi ya kumbuyo m'katchalitchi ka m'mudzi mwathu. Akatekisiti anawerenga dzina la bambo, n'kutsokomola pang'ono, kenaka langa. Mitu inatembenuka. Amayi ena anabisa phwete m'zitenje. Mpingo utapempha kuti onse otchulidwawo apatsidwe mpumulo wosatha, ndinayankha nawo kuti Amen. Sindinaone kuwala kapena kumva mawu ochokera kumwamba. Ndinangozindikira kuti zaka zonse zija ndili pamwamba pa lole, anthu awa ankatchula dzina langa pamaso pa Mulungu, ena akuseka, ine osapempha. Masana a tsiku limenelo ndinagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango mpaka mbuzi zitayamba kulowa m'khola, ndipo palibe anandidzutsa.

Mvula inagwa sabata yotsatira, tinabzala. Ku Lusaka sindinabwererenso. Sindinganame kuti kuno ndi kofewa. Kupalira mu Januwale kumathyola msana kuposa simenti, ndipo chaka chotsatiracho njala inativuta ngati wina aliyense. Koma ntchito ya kuno ili ndi pothera. Ukafika kumapeto kwa mzere umaweramuka, Lamulungu khasu limagona m'nyumba, ndipo nkhokwe ikadzaza kapena isadzaze, Julayi amafika ndithu. Kupemphera ndinayambiranso pang'onopang'ono, ngati mwendo wadzanzi.

Chaka chotsatira amayi sanandilembetsenso. Nditawafunsa anati pakhomo akakutsegulira sumapitiriza kugogoda.

Anamwalira mu 2008, titangomaliza kukumba mtedza. Novembala atayandikira, Agnesi anang'amba pepala m'kope n'kundipatsa cholembera. Ndinalemba dzina la bambo, pansi pake la amayi, ndipo ndinakapereka ndekha kwa akatekisiti. Chimene ndinkawapempheracho ndinkachidziwa, chifukwa amayi anali atandilawitsako ndili moyo.